Makala a m'galimoto yanga

Galimoto yanga inkasankha malo amodzi okha ondichititsira manyazi: pa pampu ya petulo. M'mawa kunyumba inkalira kamodzin'kamodzi. Madzulo poweruka kuntchito, chimodzimodzi. Koma ndikangothira mafuta, mnyamata n'kutseka chivindikiro, ine n'kupotokola kiyi, injini inkangozungulira osagwira, ngati munthu wotsamwa ndi mbatata. Mukudziwa mmene pamakhalira pa filing'i siteshoni mafuta akasowa. Kumbuyo kwako kuli anthu ogona pamzere, maso ali psuu, aliyense dzanja lili pa hutala. Tsiku lina anyamata anayi a kabaza anandikankha mpaka kuseri kwa shopu, mmodzi akukuwa kuti, "Ikani sekondi bwana, kenako musiye kilachi!" Galimoto yake ya otomatiki.

Ndi ya ku Japan, ya 2008, injini ya 1.5, imodzi mwa zija zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ndinaigula kwa mwini wachiwiri, ndipo kwa zaka zitatu sinandidyerepo ndalama kupatula ya mashoko ndi matayala, womwe ndi msonkho wa misewu yathu. Vuto la pa pampuli litayamba ndinapeza kanjira kolizembera: ndikapondako pang'ono mafuta uku ndikuliza, inkagwira patapita kanthawi, n'kunjenjemera, n'kutulutsa fungo la petulo wosapsa, kenako n'kuyenda ngati palibe chachitika. Ndinakhala choncho milungu ingapo. Ndiye m'mawa wina pa dashibodi panayaka kanyali kachikasu kooneka ngati injini, kaja timangoti check engine.

Kanyali kameneka kuno sitikaopa. Kwerani minibasi iliyonse yochokera ku Area 25 kupita m'tauni, muyang'ane kutsogolo kwa dalaivala. Ngati sikakuyaka ndiye kuti babu lake linapsa, kapena anamatapo sitika ya timu ya mpira. Inenso ndikanamata, koma mayi a kunyumba ndi amene amakhala mpando wakutsogolo, ndipo tsiku lililonse ankakaloza ndi mlomo.

Ku garaja yoyamba anaiika pa kompyuta. Mnyamata anagwada, n'kulowetsa chingwe pa soketi ya pansi pa chiwongolero, ndipo panatuluka code, nambala yosonyeza vuto, yakuti P0172. Anandiuza molondola kuti tanthauzo lake n'lakuti injini ikulandira mafuta ochuluka kuposa mpweya. Kuchokera pamenepo tinayamba kugula. Mapulagi anayi. Fyuluta ya mpweya. Anatsuka sensa ya pa paipi yolowetsa mpweya ndi mankhwala a m'kachitini. Anafufuta code, kanyali n'kuzima, ine n'kulipira ndikumwetulira. Patatha masiku atatu kanayakanso. Nditabwerera anati ndi oxygen sensor, sensa yoyeza mpweya wotsala mu utsi, ndipo atamva kuti ndinagulapo petulo wa m'zigubu kwa mavenda, nkhani inathera pomwepo: mafuta oipa, bwana, musinthe pampu ya m'thanki. Sindikuwanena kuti ndi akuba. Ankachita zimene ambiri timachita ndi mutu ukamapweteka, kumwa panado osafunsa chaupweteketsa. Code ija sinanene kuti chitsulo chakuti chafa. Inangonena kuti mafuta achuluka, osanena kumene akuchokera.

Usiku ndinakhala pa foni kuwerenga za galimoto yovuta kulira ukangothira mafuta. Pafupifupi aliyense wolemba anali wa ku America, ndipo onse ankatchula chinthu chimodzi chotchedwa EVAP, dongosolo lotsekera nthunzi ya petulo kuti isathawire kunja, n'kumalangizana kuti uyambe ndi chivindikiro cha thanki. Ndinagula chatsopano. Chinali chokongola, chinkalira bwino kuti khethe-khethe potseka, koma palibe chinasintha.

Amene anandithandiza ndi madala ena ku Biwi, amene garaja yawo ndi mthunzi wa mtengo wa mango, bokosi la masipanala ndi mdzukulu wawo wophunzira ntchito. Anandilozera ndi mnzanga wa kuntchito. Nditayamba kufotokoza za P0172 anakweza dzanja.

"Manambalawo muwasunge kaye, achimwene. Imachita liti?"

"Ndikathira mafuta."

"Ikagona usiku wonse?"

"Imalira bwinobwino."

"Mukaima pa msika mphindi khumi, injini ili yotentha?"

"Ilibe vuto."

"Ndiye pampu ya m'thanki yalakwanji? Pampu yofooka imadziwa bwanji kuti mwafika pa filing'i siteshoni?" Anaseka okha. Kenako anafunsa funso limene ku garaja ina kuja sanafunse. "Mumathira bwanji?"

Apa ndiyenera kuulula. Kuyambira mizere ija ya 2022, ndinaphunzira kathiridwe ka munthu amene sakudziwa kuti adzawaonanso liti mafuta. Ukagona pamzere kuyambira madzulo mpaka tambala kulira, n'kufika pa pampu, suchokapo ndi mpata m'thanki. Pampu ikadula yokha kuti thi, mnyamata amafunsa, "Mpaka pakamwa, bwana?" Ine ndinkavomera ndi mutu. Amakweza nozo pang'ono n'kumadontheza. Ikadulanso, anyamata awiri amagwira denga n'kuigwedeza galimoto uku ndi uku ngati akusungunula thobwa, mpweya n'kumatuluka kuti gubu-gubu, petulo n'kutsika, iye n'kuwonjezera. Kamodzi tinakwezapo tayala lakumbuyo pa njerwa kuti ipendekeke. Tinkasiya petulo akuonekera pakhosi penipeni, akunyezimira. Ndinkawapatsa ya Fanta anyamatawo, n'kuchoka ndikudziona wochenjera kuposa onse a pamzere.

Madala aja anamvetsera osandidula. Kenako anatsegula boneti.

Anandionetsa kanthu kakuda ka pulasitiki, kocheperapo kuposa chibakera cha mwana, kali ndi timapaipi tiwiri ta labala ndi soketi ya mawaya awiri. Paipi imodzi inkapita ku injini, kumene imakokera mpweya. Inayo inkatsikira ku chibotolo chakuda chomangiriridwa pakona, chimene ndinkachiona nthawi zonse poyang'ana oyilo koma osadziwa ntchito yake. Kanthu kaja ndi purge valve. Chibotolocho ndi kanisita, ngakhale iwo ankangoti botolo la makala. Anauza mdzukulu wawo kuti alize injini. Anazula soketi ya mawaya ija, n'kuvula paipi yochokera ku kanisita, n'kundigwira chala changa n'kuchiika pa kamlomo ka valavu.

Kanandiyamwa. Osati mwamphamvu, koma ngati kamwana ka mbuzi kakuyamwa chala.

"Magetsi tachotsa," anatero. "Valavu imeneyi ikakhala yopanda magetsi imayenera kutseka kuti ndii. Chala chanu sichimayenera kumva kanthu."

Mdzukuluyo sanafune kutsalira. Anatulutsa m'thumba kabokosi kabuluu ka ELM327, kaja kamalumikizana ndi foni pa Bluetooth, n'kukabaya pa soketi. Anabwezeretsa paipi, n'kundionetsa manambala awiri otchedwa fuel trim. Amasonyeza mafuta amene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera kapena kuchotsa pa muyezo wake kuti moto uziyaka bwino. Zonse zikakhala bwino, ukawaphatikiza amasewera pafupi ndi 0. Anga anali cha m'ma -20, kutanthauza kuti kompyuta inkamana injini gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta ake, chifukwa kwinakwake kunkalowa ena amene sinawaitane. Agogo ake anatenga pulayazi, n'kukulunga kansanza pa paipi kuti isang'ambike, n'kuifinya. Tikuyang'ana pa foni, manambala aja anayamba kukwera mpaka kuyandikira 0, ndipo kunjenjemera kwa injini kunatha ngati wina waigwira paphewa. Atamasula pulayazi, anatsikanso. Anachita kawiri, kuti ndisadzanene kuti zinangochitika.

Zonsezi sizinathe mphindi khumi, ndipo panalibe chimene tinagula.

Tsopano ndifotokoze zimene ndinamva pansi pa mango paja, n'kudzawonjezera ndi kuwerenga kwanga. Petulo sakhazikika. Ngakhale galimoto itaima, mbali zake zopepuka zimauluka ngati nthunzi, makamaka kukatentha. Wathu kuno amasakanizidwanso ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira 1982 pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa, ndipo ethanol wochepa mu petulo amawonjezera kuulukako. Magalimoto akale ankangoitaya nthunziyi kunja kudzera pa kabowo ka pa chivindikiro. Amakono amaitsekera. Imachoka pamwamba pa thanki, n'kuyenda m'kapaipi mpaka mu kanisita, momwe muli timibulu ta makala. Si makala a pa mbaula. Ndi ophikidwa mwapadera mpaka kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, moti gramu imodzi yokha mkati mwake muli malo oposa masikweya mita 500. Nthunzi imakakamira m'timabowomo n'kudikira. Injini ikatentha, galimoto ikuyenda, kompyuta imatsegula purge valve pang'onopang'ono, imachita kulira kuti tiki-tiki-tiki ukaigwira, ndipo injini imakoka mpweya wa kunja kudutsa m'makala muja, n'kutenga nthunzi ija kukaiwotcha pamodzi ndi mafuta ena. Makala amatsala opanda kanthu, okonzeka kulandira ina.

Zinayambira ku California mu 1970, chifukwa cha chifunga cha utsi chimene chinkaphimba Los Angeles, ndipo chaka chotsatira lamulo linafikira America yense. Anazindikira kuti galimoto imaipitsa mpweya ngakhale itazimitsidwa, itangoimikidwa padzuwa. Mu nthunziyo mulinso benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Ndikudziwa kuti nkhani ya mpweya wabwino siigwira mtima kwenikweni munthu amene watsatira lole ya mchenga ikufuka kuyambira pa Kanengo mpaka pa Lumbadzi, n'kukapeza kunyumba akuphikira makala a ku Dzalanyama. Ine chimene chinandigwira n'china. Nthunzi imeneyo ndi petulo. Ndi yemwe uja ndinamugonera pamzere.

Dongosolo lonseli analipangira nthunzi, osati madzi. N'chifukwa chake thanki ili ndi mpata pamwamba umene pampu ikadula yokha umatsala wopanda kanthu. Mpata umenewo si kuwononga malo. Petulo akatentha amafufuma, pafupifupi gawo limodzi pa 100 pa madigiri 10 alionse. Malita 40 othira m'bandakucha kukuzizira, n'kuimika galimoto padzuwa la Okutobala, amatha kuwonjezekera ndi pafupifupi theka la lita. Ine mpata uja ndinkaudzaza ndi manja anga, anyamata akugwedeza. Petulo wofufumayo analibe kolowera kupatula m'kapaipi ka nthunzi, mpaka m'makala.

Madala anamasula valavu ija n'kuigogoda pachikhatho. Munagwa timibulu takuda tinayi kapena tisanu, tocheperapo kuposa mapira. Anandipatsa kuti nditifinye. Tinaphwanyika n'kusiya mwaye pa zala. Makala akamira mu petulo nthawi yaitali amafumbutuka, kansalu kowatchinga kamafooka, ndipo injini imawakoka m'paipi mpaka kamodzi kakakhala pakamwa pa valavu ngati kamwala kotchinga chitseko. Kuyambira pamenepo valavu sitsekanso. Ndiye ukamathira mafuta, petulo wolowa m'thanki amakankha nthunzi yonse inali mmenemo, ndipo ina imadutsa pa valavu yotsegukayo n'kukadzaza njira ya mpweya ya injini. Ukapotokola kiyi, injini imapeza mafuta okhaokha, mpweya wochepa. N'chifukwa chake kupondako pang'ono kunkathandiza: ndinkaitsegulira mpweya osadziwa.

Atamasula kanisita anandinyamulitsa. Inali yolemera ngati muli mchenga wonyowa, ndipo ataipendeketsa munadontha petulo.

"Musinthe zonse ziwiri," anatero, "ndipo paipiyi tiipemerere."

Apa ndi pamene ndinachita uchitsiru wachiwiri, ndipo uwu ulibe chowiringula cha mizere. Valavu ndinaipeza tsiku lomwelo kwa ogulitsa zitsulo zophwasula, yotchipa. Kanisita inali yodula, ndiponso yosowa, chifukwa ambiri akamaphwasula galimoto saiwerengera ngati sipeya. Ndinadziuza kuti chakufa ndi valavu, kanisita iuma yokha. Madala sanakangane nane. Anayeza valavu yogulayo asanaimange: anaipemerera ndi kapaipi koyera, mpweya osadutsa, anaipatsa magetsi a batire ndi timawaya tiwiri, inalira kuti tiki, mpweya n'kudutsa, anaikanso mita yoyezera magetsi pa mapini ake kuona ngati koyilo ili yamoyo. Anaimanga, n'kubwezera kanisita yakale ija, n'kunena kuti, "Tionana, achimwene." Sananene kuti yendani bwino.

Tinaonanadi patatha milungu iwiri. Ndinafika nditazimikira pa pampu ina ku Mchesi, dzulo lake. Anagogoda valavu yatsopano ija pachikhatho osalankhula, n'kundionetsa. Timibulu titatu.

Ulendo uno tinachita zonse mwa dongosolo lake. Kanisita ina inapezeka patatha masiku anayi, ndipo anaiyeza ndi manja, kulemera kwake ndi kuigwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati makala akusokosera momasuka. Paipi yochokera ku kanisita kupita ku valavu anaivula mbali zonse ziwiri n'kuipemerera ndi kompuresa ya anzawo okonza matayala, ndipo kunatuluka kafumbi kakuda kokwana theka la supuni yaing'ono. Ananditsindikira kuti kompuresa ndi ya paipi yovula yokha. Ukaloza mphepo imeneyo ku thanki kapena ku kanisita, uphulitsa zinthu zimene anazipangira mphamvu yochepa kwambiri, yosafika ngakhale ya munthu wofufumitsa baluni. Valavu anaitsuka n'kuiyezanso, inatseka, ndipo ilipo mpaka lero.

Ndinawafunsa chimene aliyense wopanda ndalama angafunse: bwanji osangotseka paipiyo ndi bawuti, n'kuiwala? Anati ambiri amatero, ndipo galimoto imayenda. Koma makala akakhuta osatsitsidwa, nthunzi imatulukira kunja, galimoto n'kumanunkha petulo paliponse waimika, ndipo ana akhala kumbuyo akupuma zimenezo. Choopsa kwambiri, anati, ndi kutseka paipi yolakwika. Thanki imafunika kupuma. Pampu ikamatulutsa petulo, mpweya uyenera kulowa m'malo mwake. Anandiuza za galimoto ina imene anaiona thanki itafwamphira mkati ngati chigubu chopondedwa, mwini wake akudabwa kuti bwanji ikudzaza ndi malita ochepa chonchi.

Funso limene linanditsalira linali la chivindikiro chija ndinagula pachabe. Bwanji a pa intaneti onse ankanena za chivindikiro ndi ma code oyamba ndi P044 ndi P045, pomwe yanga inangoti P0172? Yankho linabwera ndi foni ya mlongo wanga amene amakhala ku Dallas, ku Texas. Anaimba usiku wina kuti, "Achimwene, paja munavutikapo ndi kanyali kaja. Kwanga kayaka, ndipo mwezi uno ndiyenera kukayezetsa galimoto." Kumeneko kanyali si nkhani ya sitika. Galimoto imayezedwa utsi chaka ndi chaka, ndipo check engine ikamayaka siikhoza. Pa sitolo ya masipeya anamuwerengera ulere: P0455.

Kusiyana kwake n'kwakuti kuyambira 1996, malamulo a ku America a OBD-II, omwe anabweretsa soketi ya mabowo 16 ija pansi pa chiwongolero, amafuna kuti galimoto izidziyeza yokha ngati nthunzi ikuthawa. Poyamba inkayenera kuzindikira bowo la milimita imodzi, ndipo kuyambira cha m'ma 2000 anatsitsa kufika theka la milimita. Magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan, ngati yanga, ali ndi kanisita ndi purge valve koma sadziyeza motero. Yanga sinkadziwa n'komwe kuti ili ndi vuto la nthunzi. Inkangomva kukoma kwa mafuta ochuluka mu utsi, n'kudandaula zimenezo. Choncho munthu wa ku Lilongwe amene akuwerenga malangizo a munthu wa ku Ohio ayambe wadziwa kuti galimoto yake anaipangira dziko liti.

Ya mlongo wanga ili ndi zinthu ziwiri zowonjezera: vent valve, imene imakhala yotseguka nthawi zonse pafupi ndi kanisita kuti thanki izipuma, ndi sensa yoyeza mphamvu ya mpweya m'thanki. Pa magalimoto ambiri kuyezako kumayenda chonchi. Kompyuta imatseka vent valve, n'kutsegula purge valve kuti injini ikoke mpweya m'thanki pang'ono, kenako imatseka zonse n'kumvetsera. Ikalephera n'komwe kukoka, ndiye kuti penapake pali potseguka kwambiri, n'kulemba P0455, ndipo kawirikawiri pamakhala pa chivindikiro chosamanga bwino kapena paipi yovuka. Ikakoka koma mpweya n'kubwerera msanga, ndi bowo laling'ono, P0442, kapena laling'onong'ono, P0456. P0441 imanena za kayendedwe kolakwika ka nthunzi pa purge valve, P0443 za mawaya ake, P0446 za mbali ya vent. Makampani ena ali ndi njira zawo. Ma Toyota ambiri a ku America ali ndi kapampu kamene kamadzuka kokha patatha maola pafupifupi asanu galimoto itazimitsidwa, n'kumalira pansi pa galimoto pakati pa usiku. Kwathu kuno zimenezo zikanafika kwa mfumu.

Ndinamuuza kuti avule chivindikiro ayang'ane labala yake. Ananditumizira chithunzi: inali yong'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Anagula china. M'mawa mwake anaimbanso, wokwiya, kuti kanyali sikanazime. Sikazima tsiku lomwelo. Galimoto iyenera kudziyeza n'kukhoza maulendo angapo otsatizana, ndipo siidziyeza nthawi iliyonse. Imafuna kuti injini ilizidwe itazizira, ndipo mafuta akhale pakati, cha pakati pa 15 ndi 85 peresenti ya thanki. Iye, mwana wa kwathu, ankayendera mafuta a pansi penipeni, kuthira a madola khumi nyali ikayaka. Kufufuta code sikukanamuthandiza, chifukwa kumafufutanso umboni wakuti galimoto yadziyeza, ndipo oyeza aja amakubweza kuti ukayende kaye. Anathira theka la thanki, ndipo pakutha pa mlungu kanazima kokha.

Chikanakhala kuti si chivindikiro, akanafunika makina a utsi. Amatseka vent valve, n'kulowetsa utsi woyera m'mapaipi ndi mphamvu yochepa kwambiri, kenako n'kumayenda ndi tochi kuyang'ana pamene ukufukira: pa labala yophwepa, pa khosi la thanki lochita dzimbiri, pa mphete ya pamwamba pa thanki pamene pamalowera pampu. Bowo la theka la milimita sungalione ndi maso pansi pa galimoto yafumbi. Ndinaona ena pa intaneti akulangizana zopemerera utsi wa ndudu m'paipi. Fodya woyaka m'kamwa, paipi ya nthunzi ya petulo m'manja. Amenewo ndiwasiye.

Madala a ku Biwi alibe makina a utsi. Nditawafotokozera anagwedeza mutu n'kunena kuti akanakonda kukhala nawo, koma kuno ntchito yambiri imene amaiona si ya kudontha, ndi ya kutsekeka. Galimoto yoyenda msewu wafumbi wa kumudzi miyezi yonse ya chilimwe imakoka fumbilo pa kapaipi kopumira ka kanisita, ndipo mvula ikabwera limasanduka dothi louma. Nthawi zina mavu amamangamo nyumba. Zizindikiro zake n'zosiyana ndi zanga. Ukatsegula chivindikiro umamva kuti fyuu kwa nthawi yaitali, ndipo pa magalimoto ena pampu imangodula thi, thi, thi thanki ilibe kanthu, mnyamata n'kumakuyang'ana ngati walodza nozo yake. Si kuno kokha. Mu 2011 kampani ya Mazda inaitanitsa magalimoto a Mazda6 pafupifupi 65,000 ku North America chifukwa mtundu wina wa kangaude unkalowa m'kapaipi kopumira n'kulukamo ukonde, mpweya osadutsa, mpaka kuopseza kung'alula thanki. Nditawauza zimenezi madala anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mnzawo wowotcherera kuti adzamve.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa zonsezi ndi chala changa pa kamlomo ka valavu kaja. Mapulagi anayi amene anachotsedwa ku garaja yoyamba ndinawasunga mu buti, ndipo madala atawaona anati anali ndi moyo wa chaka china. Sindinena kuti kompyuta ndi yachabe. Popanda foni ya mdzukulu uja ndikanakayika, ndipo manambala aja okwera ndi kutsika ndi pulayazi ndi amene ananditsimikizira. Koma foniyo anaifunsa funso agogo ake atadziwa kale koyang'ana, ndipo anadziwa chifukwa chondifunsa kuti imachita liti. Timibulu tija ndinatisunga m'kabotolo ka mankhwala, tili m'kabati ya m'galimoto pamodzi ndi mapepala a inshuwalansi. Mnzanga wina atandiuza kuti yake yayamba kuvuta ikamwa mafuta, ndinangomupatsa kabotoloko kuti agwedeze.

Mafuta anasowanso kumapeto kwa 2024. Ndinalowa pamzere cha m'ma 9 koloko usiku, n'kufika pa pampu dzuwa litatuluka, msana ukuwawa, foni itatha moto. Pampu inadula kuti thi pa malita 33 ndi kanthu. Mnyamata anandiyang'ana, nozo ili m'manja, anzake awiri ataima kale m'mbali mwa galimoto manja ali padenga.

"Mpaka pakamwa, bwana?"

Ndinati ayi, atseke. Anadabwa, n'kubwerezanso funso, poganiza kuti sindinamve. Bambo wa galimoto ya kumbuyo kwanga anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti ngati sindikuwafuna malita awiriwo amuthirire iyeyo. Mayi a kunyumba, amene anabwera m'mawawo ndi tiyi m'fulasiki, anawerengetsa mokweza kuti malita awiri ndi ulendo wa kuntchito, kupita ndi kubwera. Ndinapotokola kiyi. Inalira kamodzi, ndipo tinatuluka pa siteshoni iwo akuwerengetsabe.